Mpini ndi Mabatire a Makina Ofufuzira Zitsulo M'nthaka

Pakati pa zinthu zimene anyamata okonda sayansi amalakalaka kupanga ndi manja awo, makina ofufuzira zitsulo m'nthaka ali m'gulu la zotchuka. Chifukwa chake n'chosabisika: zipangizo zake n'zochepa, ndipo phindu lake limaoneka tsiku lomwelo. Msomali wadzimbiri wobisala m'udzu pa bwalo la mpira ungathe kulasa phazi la mwana ndi kumpatsa kafumbata. Ng'ombe ikameza kawaya pamodzi ndi msipu, kawayako kamatha kuboola chifu mpaka kukafika ku mtima. Mmisiri wa matabwa amaononga mano a sowo chifukwa cha msomali umodzi wokwiririka m'thabwa lakale. Ngakhale milandu ina ya malire imatha msanga pamene chikhomo chachitsulo chimene anazika oyeza malo chapezeka.

Ambiri akayamba ntchitoyi amaika mtima wonse pa koyilo ndi pa tizipangizo ta m'bokosi, naiwala zinthu ziwiri zimene zimaoneka zazing'ono: mpini ndi mabatire. Pa makina amene ndapangapo ndiponso amene ndawaonapo kwa anzanga, ndaona kuti madandaulo ambiri, monga kulira popanda chitsulo, kutopetsa mkono ndi kuzima ntchito ili mkati, gwero lake ndi ziwirizi. Tsono m'nkhani ino ndifuna kugawana nanu, anzanga, abambo ansembe ndi inu makolo athu, zimene munthu ayenera kudziwa asanadule paipi kapena kutulutsa ndalama yogulira batire.

Makinawa amamva bwanji chitsulo?

M'chaka cha 1831 Michael Faraday wa ku England anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi waya, m'wayamo mumabadwa magetsi. Makina athu aima pa mfundo imeneyi. Kumapeto kwa mpini kuli koyilo, ndiye kuti waya wamkuwa wokulungidwa mozungulira kambirimbiri. Magetsi osinthasintha akamadutsa m'koyilomo, pamabadwa mphamvu ya maginito imene imalowa m'nthaka. Ikakumana ndi chitsulo imadzutsa timagetsi tozungulira m'chitsulomo, ndipo timagetsito timabweza mphamvu yawoyawo ya maginito. Makina akamva kusinthako amalira.

Pali mitundu itatu yodziwika. Woyamba ndi BFO, wosavuta kupanga, umene umafanizira mayimbidwe awiri a magetsi; uwu umamva khobidi pa kuya kwa masentimita owerengeka okha. Wachiwiri ndi VLF, umene uli ndi makoyilo awiri, ina yotumiza ina yolandira, ndipo umatha kusiyanitsa msomali ndi mkuwa. Wachitatu ndi PI, umene umaponya magetsi amphamvu mwa kanthawi kochepa kwambiri kenaka n'kumvetsera; uwu umafika pansi koma umadya batire.

Pa zonsezi tigwirepo mfundo imodzi. Makinawa sadziwa kusiyanitsa chitsulo cha m'nthaka ndi chitsulo chimene mwini wake waika pa mpini. Ndiponso samva zokhazo zimene zimakokedwa ndi maginito ayi. Mkuwa, aluminiyamu, siliva ndi golide, zonsezi amazimva, pakuti zonse zimadutsitsa magetsi.

Mbiri ikutiphunzitsa zomwezi. Pa 2 Julayi 1881 pulezidenti wa America, James Garfield, anawomberedwa ndi mfuti ku Washington, ndipo madokotala analephera kupeza chipolopolo m'thupi mwake. Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anabwera ndi makina a makoyilo kudzathandiza, koma sanachipeze. Chimodzi mwa zosokoneza chinali chakuti bedi limene wodwalayo anagonapo linali ndi masipuling'i achitsulo. Garfield anamwalira pa 19 Seputembala chaka chomwecho. Ngati chitsulo chapafupi chinasokoneza katswiri ngati Bell, nanga ife tidzapulumuka bwanji tikakhoma bawuti wachitsulo pamwamba penipeni pa koyilo?

Zipangizo za mpini

Mpini wabwino uyenera kukhala ndi zinthu zitatu: wopanda chitsulo kumunsi, wopepuka, ndi wosagwedera. Lamulo limene ine ndimatsata ndi lakuti pa masentimita 30 oyamba kuchokera pa koyilo pasapezeke chitsulo china chilichonse kupatula waya wa koyiloyo. Kumtunda, pafupi ndi dzanja, tizitsulo tating'ono sitivuta kwenikweni malinga tamangika zolimba.

Chipangizo chosavuta kupeza ndi paipi ya pulasitiki ya PVC imene amisiri a magetsi amadutsitsamo mawaya m'makoma. Ya mamilimita 20 imalowa bwino m'kati mwa ya mamilimita 25, kotero kuti mpini ungathe kutalikitsidwa kapena kufupikitsidwa. Pogula, lowetsani ina mwa inzake muli m'sitolo momwemo, chifukwa kuchindikala kwa mapaipi kumasiyana. Vuto la PVC ndi lakuti imapindika, makamaka dzuwa la mu Okutobala likaiwomba. Mankhwala ake ndi kulowetsa kansungwi kouma kapena kandodo ka paini m'kati mwa paipi yakumunsi.

Nsungwi payokha ndi mpini wabwino ndithu: ndi yopepuka, yolimba, ndipo kumudzi sitigula. Sankhani yokhwima, muiumitse pa mthunzi kuti isang'ambike, ndipo muipake vanishi kuti isamwe chinyezi. Poboola, boolani pafupi ndi mfundo, ndipo mangani ulusi wa nayiloni mbali zonse ziwiri za bowolo. Mpini wa tsache nawo ungagwire ntchito. Mitengo yolemera ngati ya mipini ya makasu isiyeni. Khasu limafuna kulemera, makina athu ayi. Paipi ya aluminiyamu ingakhale kumtunda kokha, osati kumunsi.

Chenjezo lina ndi la utoto. Penti yonyezimira ngati siliva imakhala ndi tizidutswa ta aluminiyamu, choncho isayandikire koyilo kapena paipi yakumunsi.

Miyeso ndi kadulidwe

Mpini uyenera kuyezedwa pa thupi la mwini wake. Imani mowongoka, mkono uli lende mosaumiriza. Koyilo igone chafufumimba, masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa nthaka, pafupifupi theka la mita kutsogolo kwa zala za kumapazi. Mpini ukafupika mudzawerama ndipo msana udzapweteka. Komanso makina adzayamba kumva timabowo tachitsulo ta zingwe za nsapato zanu. Ukatalika kwambiri, phewa ndilo lidzalira. Kwa anthu ambiri a msinkhu wathu, utali wonse umakhala pakati pa masentimita 110 ndi 130.

Dulani paipi ya mamilimita 25 kutalika masentimita 75, ndi ya mamilimita 20 kutalika masentimita 70. Yaing'onoyo izilowa mwa yaikulu masentimita osachepera 15 nthawi zonse, apo ayi polumikizirapo padzagwedera. Boolani bowo limodzi lopyoza mbali zonse ziwiri kumunsi kwa paipi yaikulu, ndipo pa yaing'ono boolani mabowo angapo otalikirana masentimita 4. Kachikhomo ka mtengo wolimba kapena bawuti wapulasitiki ndiye adzagwira ziwirizi. Ngati pali mpata wogwedera, kulungani tepi ya magetsi pa paipi yaing'ono mpaka izilowa mothina.

Chogwirira chikhale pa masentimita pafupifupi 30 kuchokera kumtunda, kapena kunena bwino, pa mtunda wochokera m'chikhatho chanu kufika pafupi ndi chigongono. Njira yapafupi ndi kudula paipi yaikulu pamalopo, kulumikizapo T wapulasitiki ndi guluu wa PVC, ndi kuzikapo kapaipi ka masentimita 12. Kavekeni mphira ya chogwirira cha njinga kuti dzanja lisamaterereke ndi thukuta.

Amene akufuna mpini wokhota ngati chilembo cha S angathe kupinda paipi ndi moto. Dzazani paipi ndi mchenga wouma bwino, tsekani mbali zonse ndi mapepala, ndipo muitembenuzetembenuze pamwamba pa makala, patali ndi lawi. PVC imayamba kufewa ikatentha kufika pa madigiri pafupifupi 80. Ikafewa ipindeni pang'onopang'ono, kenaka muiziziritse ndi nsalu yonyowa. Mchenga umateteza paipi kuti isaphwafuke pokhotapo. Ntchitoyi ichitikire panja, ndipo paipi isapse, chifukwa utsi wa PVC umaononga mapapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumapeto kwa mpini kumafunika chotsamira mkono. Dulani chidutswa cha masentimita 10 cha paipi yaikulu ya madzi oipa, ya mamilimita 75 kapena 110, muching'ambe pakati m'litali kuti chikhale ngati ngalande. Palani m'mphepete mwake ndi sandipepa, yalanimo siponji ya matiresi akale, ndipo muikepo lamba wansalu. Popanda chotsamirachi, kulemera konse kumagwera pa mfundo ya dzanja, ndipo simungathe ngakhale theka la ola.

Kumanga koyilo ndi waya wake

Pamwamba pa koyilo pamakhala makutu awiri, apulasitiki kapena a thabwa, omatidwa ndi guluu wolimba wosakaniza mitundu iwiri uja. Nsonga ya mpini imalowa pakati pa makutuwo, ndipo bawuti amapyoza zonse zitatu. Bawutiyo akhale wa nayiloni, wa mamilimita 6 kapena 8. Mukamsowa, funsani m'sitolo ya zomangira mabawuti apulasitiki omangira chivundikiro cha chimbudzi chamadzi, amakwana bwino. Pakati pa khutu ndi mpini ikani mawasha odulidwa ku patapata wakale. Mawashawa amagwira koyilo kuti isamangogwa yokha, komabe amailola kupendeka mukaikankha ndi dzanja.

Waya wochokera ku koyilo kupita ku bokosi ndi wamkuwa, ndiye kuti nawonso ndi chitsulo. Ukamalendewera ndi kugwedezeka pamene mukupukusa mpini, makina amaumva ngati chitsulo choyenda ndipo amalira bodza. Choncho uzengeni mozungulira mpini mothina bwino, ndipo muumange malo atatu kapena anayi ndi timizere ta chubu cha njinga. Pafupi ndi koyilo siyani kampata pang'ono kuti wayawo usaduke pamene koyilo ikupendeka. Musamange ndi waya wachitsulo. Wotchi ndi mphete nazo zivulidwe pamene mukuyesa makina ndi dzanja.

Masamu a kulemera

Anzanga a fizikisi akumbukira kuti mphamvu yopendeketsa ndodo imapezeka pochulukitsa kulemera ndi mtunda kuchokera pamene ndodoyo yagwiridwa. Tiyerekeze kuti mpini wathu ndi wa masentimita 120, chogwirira chili pa 30 kuchokera kumtunda, ndipo koyilo ya magalamu 400 ili pa masentimita 90 kutsogolo kwa dzanja. Tikachulukitsa 400 ndi 90 tipeza 36,000. Tsono tiike mabatire olemera magalamu 250 kumbuyo kwa dzanja, pa masentimita 25, pansi pa chigongono. Tikachulukitsa 250 ndi 25 tipeza 6,250. Mabatirewo achotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a katundu wopendeketsa uja. Tikanawaika kutsogolo kwa dzanja, akanawonjezera katunduyo m'malo mochepetsa.

Masamu omwewa akutiuza chinthu chinanso. Tikagawa 6,250 ndi 90 tipeza pafupifupi 70. Ndiye kuti kuchepetsa koyilo ndi magalamu 70 okha kumathandiza mkono mofanana ndi mabatire onse aja. N'chifukwa chake sibwino kuthira guluu wambiri pa koyilo kapena kuikhoma pa thabwa lochindikala. Kuika mabatire ku chigongono kuli ndi ubwino wachiwiri: zikopa za mabatire ambiri ndi zachitsulo, ndipo kumeneko ali kutali ndi koyilo kuposa mita yathunthu.

Mawu atatu a mabatire

Tisanasankhe batire timvetse mawu atatu, ndipo thanki ya madzi itithandiza. Mavolti ali ngati kutalika kwa nsanja imene thanki yakhalapo. Nsanja ikatalika madzi amatuluka mwamphamvu. Ma mA ali ngati kuchuluka kwa madzi amene akutuluka pa mpopi. Ma mAh ali ngati kukula kwa thankiyo. Mabatire akalumikizidwa mondondozana, mutu wa ina ku thako la inzake, mavolti amawonkhetsedwa koma ma mAh sasintha. Chomwecho mabatire 8 a mavolti 1.5 amapereka mavolti 12, koma thanki yake ndi yofanana ndi ya batire imodzi.

Choyamba tsono ndi kudziwa mavolti amene makina anu amafuna, monga mwa chithunzi chimene munatsata powapanga. Chachiwiri ndi kuyeza ndi mita ma mA amene amadya ali oyaka. Kawirikawiri BFO imadya pang'ono, mwina ma mA 10. VLF imadya makumi angapo. PI imatha kufika 100 kapena kupitirira. Musangokhulupirira zolembedwa, yezani anu. Safunsa anadya phula.

Mitundu ya mabatire

Mabatire otsika mtengo amene timagula pa okala ndi a zinki ndi kaboni, zidzukulu za batire imene Georges Leclanché wa ku France anapanga mu 1866. Ngakhale alembedwe kuti Heavy Duty, ali m'banja lomweli. Mudzawazindikira ndi chizindikiro R6 pa aang'ono a AA, R20 pa akuluakulu a wailesi, ndi 6F22 pa kabatire kamakona ka mavolti 9. Amakwanira pa BFO, koma makina akafuna magetsi ambiri mwadzidzidzi, monga imachitira PI, mavolti awo amagwa. Amathanso kuchucha akakalamba.

A alkaline ali ndi chilembo L: LR6 pa AA ndi 6LR61 pa ka mavolti 9. AA imodzi imalemera magalamu pafupifupi 23 ndipo imasunga ma mAh opitirira 2,000 ikamakokedwa pang'onopang'ono. Ka mavolti 9 kamasunga pakati pa 500 ndi 600 okha. Mabatirewa satchajidwa, mavolti awo amatsika pang'onopang'ono kuchokera pa 1.5, ndipo akafika pa 1.0 ntchito yawo yatha.

A NiMH, a chizindikiro HR6, amatchajidwa kambirimbiri. Iliyonse imapereka mavolti 1.2 ndipo imakhala pomwepo mpaka itatsala pang'ono kutha, chinthu chimene makina athu amakonda. AA yabwino imasunga pakati pa ma mAh 1,900 ndi 2,500. Kumbukirani kuti 8 amapereka mavolti 9.6, ofuna 12 aike 10.

A lithiyamu anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony mu 1991, ndipo mu 2019 John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito yawo pa mabatirewa. Odziwika kwa ife ndi a 18650, opezeka m'matochi ndi m'mabatire a malaputopu akale. Dzinalo likutanthauza mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali. Imodzi imalemera magalamu pafupifupi 45, imapereka mavolti 3.7, ndipo ikadzaza imafika 4.2. Zenizeni zimasunga pakati pa ma mAh 2,000 ndi 3,500 kapena kuposerapo pang'ono. Mukaona yolembedwa 9,900, dziwani kuti ndi bodza la malonda. Zitatu zondondozana zimapereka mavolti 11.1, ndipo zikadzaza 12.6.

Pomaliza pali a mtovu ndi asidi, amene Gaston Planté anayambitsa mu 1859. Ya mavolti 12 ndi ma Ah 7 imalemera makilogalamu opitirira 2. Imeneyi si ya pa mpini. Ofuna kuigwiritsa ntchito aibereke m'kachikwama, waya n'kutsikira ku bokosi.

Adzatha maola angati?

Gawani ma mAh a batire ndi ma mA a makina, kenaka muchotsepo gawo limodzi mwa magawo anayi, pakuti batire sipereka zonse zimene yalembedwa. BFO yodya ma mA 10 pa kabatire ka mavolti 9 ka ma mAh 550: tipeza maola 55, tikachotsapo atsala pafupifupi 40. Apa kabatireka kakwana. Koma PI yodya ma mA 100 pa kabatire komweko: maola 5 ndi theka pa pepala, ndipo pa ntchito sakwana ngakhale 4. Makina omwewo pa ma NiMH a ma mAh 2,000 apereka maola 20 pa pepala, 15 pa ntchito. Pa ma 18650 atatu a ma mAh 2,500, maola 25 pa pepala, pafupifupi 18 pa ntchito.

Malangizo anga tsono ndi awa. Pa BFO, kabatire ka alkaline ka mavolti 9 kapena ma AA 6. Pa VLF ndi PI, ma NiMH. Mtengo wake woyamba pamodzi ndi tchaja ndi wokwera, koma makolo amene awerengera ndalama zogulira mabatire otaya chaka chonse adzaona okha kumene kuli phindu. A lithiyamu ndi a okhawo amene ali ndi mphunzitsi kapena mmisiri wowayang'anira.

Ena amafunsa za pawabanki ya foni. Imapereka mavolti 5 kudzera m'kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri, ndipo phokoso la magetsi limeneli limatha kulowa m'makina n'kumveka ngati mluzu. Ndiponso mapawabanki ambiri amazima okha akaona kuti chokoka magetsi n'chaching'ono.

Kuteteza makina ndi mwini wake

Mavolti akamatsika, kulira kwa BFO kumasuntha kokha ngakhale palibe chitsulo. Mankhwala ake ndi kachipangizo kosunga mavolti pamodzimodzi, monga 7805, kamene kamatulutsa mavolti 5 malinga kakulandira osachepera 7. Kapasita ya 1,000 µF pakati pa mawaya awiri a batire imathandiza PI pa nthawi imene ikuponya magetsi. Dayodi ya 1N4007 pa waya wofiira imateteza makina batire ikalowetsedwa chozondoka, ngakhale imadya mavolti pafupifupi 0.7. Pa NiMH, lithiyamu ndi mtovu ikani fyuzi ya 1 A pafupi ndi batire, chifukwa mawaya akakhudzana mabatirewa amatulutsa magetsi otha kuyatsa moto. Mabatire asagwedere m'bokosi lawo. Kugwedera kumadula magetsi mwa kamphindi ndipo makina amati tswii. Kasiponji kamathetsa vutoli.

Musasakanize batire yatsopano ndi yakale, kapena mitundu iwiri yosiyana. Yofookayo imakankhidwa ndi zinzake mpaka kuchucha. Poyeza batire, yezani makina ali oyaka, pakuti batire yotha imaonetsa mavolti abwino ikakhala yopuma. Chizolowezi chathu choyanika mabatire pa dzuwa kapena kuwaluma sichibwezera mphamvu. Chimangofinya totsalira ndi kufulumizitsa kuchucha. Pa tchuthi tulutsani mabatire onse m'makina. Ufa woyera wochucha ku alkaline umawotcha khungu ndi maso. Upukuteni ndi kansalu konyowetsa ndi viniga kapena madzi a mandimu, kenaka musambe m'manja.

A lithiyamu ali ndi malamulo awoawo. Atatu ondondozana amafuna kabolodi koteteza kotchedwa BMS ndi tchaja ya mavolti 12.6. Asapitirire mavolti 4.2 iliyonse, ndipo asatsike pansi pa 3.0 pa ntchito. Yophwanyika, yotupa, yosupuka chikopa kapena yotentha potchaja itayidwe. Musawotcherere waya pa batire penipeni. Musatchaje pa bedi, kapena usiku m'nyumba yogona anthu ali m'tulo. Tchajani masana, pa simenti, wina akuona. Batire yakutha ya mtundu uliwonse isaponyedwe pa moto, pafupi ndi chitsime, kapena pamene ana amasewera.

Kuyesa

Yesani makina panja, kutali ndi malata, mipanda yawaya ndi mawaya a magetsi. Choyamba kwezani koyilo m'mwamba ndi kugwedeza mpini. Akalira, vuto lili pa mpini, pa waya kapena pa mabatire, osati m'nthaka. Kenaka kwirirani msomali, khobidi ndi chitsekero cha botolo pa kuya kwa masentimita 5, 10 ndi 15, mulembe zimene makina amva. Pukusani pang'onopang'ono, koyilo ili yolingana ndi nthaka, osaikweza kumapeto kwa mpukuso. Dziwaninso kuti dothi lofiira la katondo lili ndi chitsulo mwachibadwa, ndipo mchenga wakuda wa m'mbali zina za nyanja, monga ku Salima, umamatirira ku maginito. Pamalo otere makina amang'ung'udza ndipo safika pansi. Kwezani koyilo pang'ono ndi kuchepetsa mphamvu yake yomvera.

Zimene makinawa sayenera kuchita

Makina ofufuzira mabomba okwirira anapangidwa ndi msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, mu 1941, ndipo anagwira ntchito pa nkhondo ya ku El Alamein ku Egypt mu 1942. Mbiri imeneyi isanyenge munthu kuti makina a paipi ndi nsungwi angachite zomwezo. Anansi athu a ku Mozambique anavutika ndi mabombawa pa nkhondo ya ufulu ya 1964 mpaka 1974, ndiponso pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Zinatengera akatswiri zaka zoposa 20 kuti dzikolo lilengeze, mu Seputembala 2015, kuti minda yonse yodziwika ya mabomba yayeretsedwa. Mabomba ena ndi apulasitiki, okhala ndi kachitsulo kochepetsetsa kamene makina athu sangamve mpaka phazi litaponda. Anzanga ochokera m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mulanje, mukaona chitsulo chachilendo m'tchire musachikhudze kapena kuchikumba. Bwererani njira yomwe munadzera, chenjezani ena, ndipo kauzeni amfumu ndi apolisi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Makinawa samva miyala yamtengo wapatali, chifukwa si chitsulo, ndipo fumbi la golide la mumtsinje ndi laling'ono kwambiri kwa iwo. Wina akabwera kumudzi ndi nkhani ya chuma chokwiriridwa ndi azungu akale, napempha ndalama kuti makina ake akachilondole, makolo gwirani matumba anu. Kukumba miyala ya mgodi kumafuna chilolezo cha boma. Zinthu zamakedzana, monga makasu, mikondo ndi zibangili za makolo, zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act. Wozipeza azisiye pomwepo ndi kudziwitsa a boma oyang'anira zakale. Ku manda sitipita ndi makina. M'munda mwa munthu timayamba tapempha, dzenje lililonse timalikwirira, ndipo chotayika chikapezeka chimabwerera kwa mwini wake.

Ntchito yoyenera makina athu ili pafupi, ndipo ndi yambiri. Bwalo la mpira, khola la ng'ombe, malo amene amisiri angochotsapo malata akale, ndi njira imene ana amadutsa opanda nsapato, monsemo muli misomali yodikira phazi. Gawani malowo m'mizere ndi chingwe, wina apukuse makina, wina akumbe, wachitatu anyamule chitini. Mukatha, werengani misomali ili m'chitinimo, mulembe pamodzi ndi maola amene mabatire anagwira; manambala awiriwo ndiwo adzakuuzani ngati mpini ndi mabatire munasankha bwino.